Kuchotsa modemu ya m'kati n'kuika yakunja: mafunso ndi mayankho

Mayankho ali m'munsiwa alembedwera anthu amene akugwiritsabe ntchito modemu yoyimba pa laini ya telefoni, kaya polowa pa intaneti, potumiza fakisi kapena polumikiza makina akale, ndipo akuganiza zosiya kakhadi ka m'kati mwa kompyuta n'kugula modemu yokhala payokha patebulo.

Modemu ya m'kati ndi yakunja zikusiyana pati, poti ntchito yake ndi imodzi?

Ntchito ndi imodzi ndithu. Laini ya telefoni inapangidwira mawu a munthu, ndipo imadutsitsa mafunde a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha. Modemu imasandutsa manambala a kompyuta kukhala kulira kokwana m'kampata kameneka, ndipo kulira kobwera imakubwezeranso kukhala manambala. Kusiyana kuli pa amene akusenza ntchitoyo.

Modemu yathunthu ili ndi zigawo zitatu. Pali chigawo cholumikiza ku laini, pali chigawo chochita masamu a mafunde, ndiye pali chigawo cholamulira, chimene chimamva malamulo ochokera ku kompyuta, kukonza zolakwika ndi kupanikiza data kuti ichepe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 opanga makina anapeza njira yotsitsira mtengo: anachotsa chigawo cholamulira, ena mpaka anachotsanso cha masamu, ntchito yonseyo n'kuisenzetsa purosesa ya kompyuta kudzera mu driver, pulogalamu yoyendetsa chipangizocho. Makhadi oterewa ndi amene anthu amawatcha Winmodem kapena softmodem. Kakhadiko pakokha sikatha kanthu. Driver ikasowa, kapena ikakhala ya Windows ina, modemu mulibe.

Modemu yakunja ya serial, yolumikizidwa pa port yakale ya mano 9 yotchedwanso COM, ili ndi zigawo zonse zitatu m'kabokosi kake, ndipo imadya magetsi akeake. Kompyuta imangoitumizira zilembo pa nthambo, zotsalazo imamaliza yokha.

Ndingadziwe bwanji kuti ya m'kati yangayi ndi softmodem?

Tsegulani Device Manager, mndandanda wa zipangizo mu Windows, muone dzina lake pansi pa Modems. Mukaona HSF, HCF, HSP, SoftModem, PCTel, Motorola SM56, Smart Link kapena LT Win Modem, dziwani kuti imadalira driver. Makhadi ambiri olowa m'mipata ya PCI pa motherboard anali otere, ndipo onse olowa m'timipata tating'ono ta AMR ndi CNR ndi otere. Mamodemu obadwira m'malaputopu nawonso pafupifupi onse ali m'gulu lomweli. Makhadi akale a ISA okhala ndi ma jumper (timapulagi tosuntha ndi manja) osankhira COM ndi IRQ (nambala imene khadi limaitanira purosesa) ndiwo kawirikawiri anali athunthu. Ngati yanu ndi ya mtundu umenewu ndipo ikugwira bwino, palibe chifukwa choithamangitsira.

Ndikasintha, intaneti iyamba kuthamanga?

Musayembekezere zambiri pamenepa. Amene amaika malire a liwiro ndi laini ndi muyezo umene modemu yanu ndi ya kutsidya zagwirizana. Muyezo wa V.34 unabwera mu 1994 ndi liwiro la 28.8 kbps (ma kilobit pa sekondi), kenako mu 1996 unakwezedwa kufika 33.6. Mu 1997 panatuluka njira ziwiri zopikisana za 56k, X2 ya US Robotics ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent, ndipo V.90 inaziphatikiza mu 1998. V.92 ya mu 2000 ndiyo yomaliza. Kuyambira pamenepo denga ndi 56 kbps polandira, kwa modemu ya m'kati ndi yakunja yomwe. Potumiza, V.90 imalekezera pa 33.6, pamene V.92 imatha kufika 48.

Ndipotu 56 weniweniyo simudzamuona. Liwiro limeneli limatheka pokhapokha kampani ya intaneti ili yolumikizidwa mwa digito ku makina a kampani ya telefoni, ndipo m'njira yonse mafunde asandutsidwe kamodzi kokha pakati pa analogi ndi digito. Akasandutsidwa kawiri, mumabwerera ku 33.6 kapena kutsikirapo. N'chifukwa chakenso mamodemu awiri a 56k akayimbirana okhaokha sadutsa 33.6. Pa laini yabwino anthu amalumikizika pa 40 ndi kanthu, mwina kufika 50. Kutanthauza kuti fayilo yopanikizidwa kale imatsika ma kilobyte 5 kapena 6 pa sekondi, ndipo megabyte imodzi imadya mphindi pafupifupi zitatu.

Kumene mungaone kusintha ndi pa kompyuta yakale yofooka. Softmodem imalimbirana purosesa ndi mapulogalamu ena, ndiye mukatsegula chinthu cholemera masamu a modemu amachedwa, zolakwika zimachuluka, data n'kumatumizidwa mobwerezabwereza. Yakunja zimenezi sizimaikhudza. Manambala a liwiro akhoza kukhala omwewo, koma laini imakhazikika.

Nanga ngati si liwiro, ndikupindula chiyani?

Kwa ine phindu lalikulu ndi lakuti modemu yakunja sibisa zimene ikuchita. Ili ndi timagetsi kutsogolo, ili ndi sipika yomveka bwino, ndipo ili ndi switch yake. Ya m'kati ikauma, kapena ikakakamira laini moti telefoni ya m'nyumba n'kusiya kulira, palibe chimene mungachite koma kuzimitsa kompyuta yonse. Yakunja mumangoithimitsa, kudikira pang'ono, n'kuiyatsanso, ntchito imene mumalemba pa kompyuta ili chikhalire.

Chachiwiri, siisankha kompyuta. Malamulo amene imamva ndi aja oyamba ndi zilembo AT, amene anayamba ndi Hayes Smartmodem mu 1981, ndipo pafupifupi modemu iliyonse yathunthu imawadziwa. Modemu imodzi yomweyo igwira pa DOS, pa Windows 98, pa Windows yatsopano, pa Linux ndi pa BSD. Mukagula kompyuta ina mumangosamutsa nthambo. Kakhadi ka m'kati moyo wake umatha tsiku limene opanga asiya kutulutsa driver, ndipo ambiri anasiya kalekale, makamaka pa Windows ya 64-bit.

Zoipa zake ziliponso. Imafuna soketi ina ya magetsi, imatenga malo, imawonjezera nthambo kuseri kwa tebulo, ndipo pa ulendo ndi laputopu ndi katundu wina.

Ndigule ya serial kapena ya USB?

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Kukhala kunja kwa bokosi sikutanthauza kuti modemu ndi yathunthu. Ya serial ndi yathunthu pafupifupi nthawi zonse, chifukwa nthambo ya serial singakwanitse kunyamula mafunde osaphika kupita nawo kwa purosesa. USB imakwanitsa, choncho mamodemu ambiri a USB, makamaka otchipa a zaka zoyambirira, ndi softmodem yomwe ija itangovala kabokosi. Mukagula yotere mwasintha malo ake okha, mavuto a driver muli nawobe.

Ya USB yabwino ilipo. Funani imene yalembedwa kuti ndi hardware kapena controller-based, kapena imene imatsata muyezo wa USB wotchedwa CDC ACM. Ikalembedwa kuti imagwira pa Windows, Mac ndi Linux popanda driver yapadera, chimenecho ndi chizindikiro chabwino. Ubwino wake ndi wakuti imadya magetsi a USB omwewo.

Ngati kompyuta yanu ili ndi port ya serial, ine ndingasankhe serial. Ngati ilibe, yang'anani kaye pa motherboard, chifukwa ma motherboard ambiri ali ndi timano tolembedwa COM timene timangofuna kanthambo kotulukira kumbuyo. Apo ayi pali khadi la serial lolowa mu PCI kapena PCI Express, kapena kachida kosandutsa USB kukhala serial. Tizida timeneti timasiyana khalidwe. Ta chip cha FTDI timadziwika kuti sitivuta, pamene totchipa tina sitinyamula mawaya onse amene modemu imafuna.

Nthambo yake ndi yotani?

Kumbuyo kwa kompyuta, port ya serial ili ndi mano 9 otuluka. Musaisokoneze ndi ya VGA, imene ili ndi mabowo 15, kapena ya pulinta, imene ili ndi mabowo 25. Kumbuyo kwa mamodemu ambiri akunja kuli soketi ya mabowo 25, ena ya mabowo 9. Ndiye nthambo yofala ndi ya mabowo 9 mbali ya kompyuta ndi mano 25 mbali ya modemu.

Chenjerani ndi nthambo yotchedwa null modem. Kunja imafanana ndi ya modemu, koma m'kati mawaya otumizira ndi olandirira anapingasidwa, chifukwa ntchito yake ndi yolumikiza makompyuta awiri. Mukaiika pa modemu simumva yankho lililonse. Mukufuna nthambo yolunjika, yokhala ndi mawaya onse, kuphatikizapo RTS ndi CTS, amene modemu ndi kompyuta zimauzirana nawo kuti dikira kaye.

Kodi ndiyenera kuchotsa ya m'katiyo?

Simukakamizidwa. Mamodemu awiri amakhala pa kompyuta imodzi bwinobwino, ndipo ndi nzeru kuisiya yakaleyo mpaka yatsopano itatsimikizika. Mutha kungoiletsa mu Device Manager podina Disable. Pa laputopu, kapena pamene modemu inamangidwira pa motherboard, kuletsa kumeneku kapena kuizimitsa mu BIOS, zoika za motherboard zimene mumalowamo kompyuta ikamayaka, ndiye njira yake.

Pa makina akale a ISA nkhani imasintha pang'ono. COM1 ndi COM3 zimagawana IRQ 4, pamene COM2 ndi COM4 zimagawana IRQ 3. Ngati modemu ya m'kati inakhala pa COM3 ndipo yatsopano mwaiika pa COM1, zikhoza kulimbana. Komanso amene anaika khadilo mwina anazimitsa port imodzi mu BIOS kuti alipezere malo. Zikakhala chonchi chotsani khadilo, lowani mu BIOS, muyatse port ya serial. Adiresi ya nthawi zonse ya COM1 ndi 3F8, ya COM2 ndi 2F8.

Ngati ndasankha kuichotsa, ndiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi cholembera. Lembani nambala imene mumayimba, dzina lolowera, pasiwedi, ndi manambala a DNS (seva yofufuza maadiresi a pa intaneti) ngati analembedwa pamanja. Kenako, khadi likadali m'kati, chotsani driver yake kudzera mu Device Manager, ndipo muonenso pa mndandanda wa mapulogalamu ngati pali ena a modemuyo. Ma softmodem ena amasiya timapulogalamu toyamba tokha kompyuta ikayaka, timene timakhala tikufunafuna khadi loti linachoka.

Mukatero zimitsani kompyuta ndi kuzula nthambo ya magetsi pakhoma, chifukwa makina a ATX amasiya magetsi pang'ono pa motherboard ngakhale atazima. Zulaninso nthambo ya telefoni musanatsegule bokosi. Laini imakhala ndi mavoti pafupifupi 48 nthawi zonse, ndipo wina akayimba amakwera kwambiri moti atha kukugwedezani. Gwirani chitsulo cha bokosi kuti magetsi odzikundika m'thupi mwanu achoke, masulani screw imodzi yogwira khadi, n'kulikoka mowongoka mutaligwira m'mbali. Bowo lotsala kumbuyo litsekeni ndi kachitsulo kake kuti fumbi lisalowe komanso mphepo iziyenda m'njira yake.

Modemu yatsopano ilumikizeni kompyuta ikadali yozima. Nthambo yochokera pakhoma ilowe pa LINE, ena amalemba TELCO kapena WALL, ndipo telefoni ilowe pa PHONE. Yatsani modemu choyamba, kompyuta pambuyo, kuti Windows iipeze pamene ikudzuka.

Windows sikuiona. Nditani?

Modemu ya serial ikayatsidwa mochedwa, Windows siidziwa yokha monga imachitira ndi USB. Pitani mu Device Manager musankhe Scan for hardware changes, kapena mu Control Panel pa Phone and Modem mudine Add. Driver ya modemu yathunthu ndi kafayilo kakang'ono ka INF kongouza Windows malamulo oti izitumiza. Ngati mulibe, sankhani pamanja Standard 56000 bps Modem, muloze COM yoyenera. Igwira, ngakhale zina zapadera monga V.92 mwina sizioneka.

Ikakanabe, isiyeni Windows mulankhule ndi modemu mwachindunji. Tsegulani pulogalamu ya HyperTerminal pa Windows XP ndi zakale, kapena PuTTY pa zatsopano, musankhe COM yanu pa liwiro la ma bit 115,200 pa sekondi. Lembani AT mudine Enter. Ikayankha OK, ndiye kuti modemu, nthambo ndi port zonse zili bwino, vuto lili pa zoika za Windows. ATI3 imakuuzani dzina kapena mtundu wa modemu, AT&F imabwezera zoika za kufakitale, ATDT yotsatana ndi nambala imayimba, ndipo ATH imadula. Ikapanda kuyankha, yesani COM ina, onani BIOS, kenako kayikirani nthambo.

Musaiwale chinthu chomaliza: malumikizidwe anu akale akuloza modemu yakale. Tsegulani Properties yake musankhe yatsopano pa Connect using. Pulogalamu ya fakisi nayonso iuzeni.

Timagetsi takutsogolo tikutanthauza chiyani?

Zilembo zimasiyana pang'ono malinga ndi opanga, koma zofala ndi izi. MR kapena PWR kakayaka, modemu ili moyo. TR kakutanthauza kuti kompyuta yatsegula port ndipo yakonzeka. OH kamayaka modemu ikanyamula laini. CD kamayaka mamodemu awiri akamvana. SD kapena TD kamaphethira potumiza, RD polandira. AA ndi koyankha yokha telefoni ikalira, ndipo HS ndi ka liwiro lapamwamba.

Phunzirani kutiwerenga motsatana, chifukwa timakuuzani pamene zinthu zaimira. Mwadina Connect koma TR sikayaka: kompyuta sikufika kwa modemu, ndiye ndi COM yolakwika kapena nthambo. TR kayaka, OH kayaka, koma sipika ili zii: vuto ndi laini. Kulira kwamveka, mbali inayo yayankha, koma CD sikayaka: mamodemu alephera kugwirizana, kawirikawiri chifukwa cha phokoso pa laini. CD kayaka kenako zonse n'kuzima patapita masekondi ochepa: laini ili bwino, mwina pasiwedi yakanidwa. Mukakhala pa intaneti tsamba n'kuima, SD kakuphethira koma RD ayi, dziwani kuti chachedwa ndi kutsidya, osati kwanu.

Nanga manambala a zolakwika amene Windows imaonetsa?

Error 633 ikunena kuti port yagwidwa ndi pulogalamu ina kapena sinaikidwe bwino, ndipo nthawi zambiri wogwirayo ndi pulogalamu ya fakisi kapena PuTTY imene mwaiwala kutseka. Error 797 ndi yakuti modemu sikupezeka, kawirikawiri chifukwa malumikizidwe akulozabe yakale kapena yatsopanoyo ndi yozima. Error 692 ndi yakuti modemu kapena port sizikuyankha. Error 676 ndi laini yotanganidwa, 678 ndi yakuti kutsidya sakuyankha, ndipo 691 ndi dzina kapena pasiwedi.

Error 680 ndi yakuti modemu sikumva kulira kwa laini. Lumikizani telefoni wamba pa soketi yomweyo mumvetsere. Ngati kulira kulipo, onani ngati simunasinthanitse LINE ndi PHONE. Vuto lina ndi lakuti kulira kumeneku kumasiyana dziko ndi dziko, ndipo modemu yopangidwira kwina ikhoza kusakuzindikira. Chotsani chizindikiro pa Wait for dial tone before dialing, kapena lembani X3 pa Extra initialization commands, iziyimba osadikira.

Ikulemba kuti ndalumikizika pa 115,200. Ndi zoona?

Ayi. Limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu, osati la pa laini. Zimachitika kawirikawiri mukagwiritsa ntchito driver ya Standard. Koma musalitsitse pofuna kuti manambala afanane. Modemu imapanikiza data ndi muyezo wa V.42bis kapena V.44, choncho zolemba wamba zimatuluka mwa iyo mothamanga kuposa 56 kbps, ndipo port iyenera kukhala ndi mpata wozilandira. Siyani pa 115,200, flow control ikhale Hardware.

Pa makompyuta akale kwambiri onani chip choyendetsa port, chotchedwa UART. Cha 16550A chimasunga ma byte 16 podikira purosesa, pamene 8250 ndi 16450 zimasunga imodzi yokha, ndipo pa liwiro lotere zimataya zilembo. Pafupifupi makina onse a nthawi ya Pentium kupita kutsogolo ali ndi 16550A kapena chofanana nacho.

Pa Linux zimayenda bwanji?

Mosavuta, ndipo ambiri amasinthira chifukwa chomwechi. COM1 ndi /dev/ttyS0, COM2 ndi /dev/ttyS1. Kachida ka USB kupita ku serial kamaoneka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo modemu ya USB ya CDC ACM ngati /dev/ttyACM0. Yesani AT mu pulogalamu ya minicom, kenako pulogalamu ya wvdialconf ikufunirani modemu n'kulemba zoika zoyambira. Pa ma Linux ambiri dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout kuti muloledwe kutsegula port.

Kodi yakunja iteteza kompyuta ku mphenzi?

Imathandiza, koma musaidalire. Mphenzi ikagwa pafupi ndi mawaya a telefoni, mphamvu yake imayenda mpaka m'nyumba. Ikapeza khadi la m'kati, yafika kale pa motherboard. Ikapeza modemu yakunja, nthawi zambiri imapsereza iyoyo n'kuthera pomwepo, koma ikakhala yamphamvu imatha kudutsa pa nthambo ya serial kapena ya USB. Zotetezera magetsi zokhala ndi soketi ya telefoni zimachepetsa ngozi. Chitetezo chenicheni ndi kuzula nthambo ya telefoni pakhoma mabingu akayamba. Kuthimitsa switch kokha sikukwanira, chifukwa waya ukadali wolumikizika. Ndipo ngati khadi lakale mwalisiya m'kati, musasiyemo nthambo ya telefoni.

Ndasintha koma laini ikudukabe. Chatsala n'chiyani?

Ndiye kuti vuto silinali modemu. Nyamulani telefoni, dinani nambala imodzi kuti kulira kuleke, mumvetsere. Mukamva kuthetheka kapena kung'ung'uza, modemu ikumva zoposa pamenepo. Chotsani matelefoni ena, fakisi ndi nthambo zazitali zowonjezera, mulumikize modemu pa soketi yoyamba ya m'nyumba ndi kanthambo kakafupi. Phokoso likapitirira, ndi nkhani ya kampani ya telefoni. Ngati laini ili ndi call waiting, yokudziwitsani kuti wina akuyimba inu muli pa laini, kulira kwake kumadula modemu, ndiye funsani kampaniyo nambala yoizimitsira muiike kutsogolo kwa nambala yoyimba. V.92 ili ndi njira yoimitsira kaye intaneti kuti muyankhe foni, koma imagwira pokhapokha kampani ya intaneti nayo ili nayo. Ngati pa laini yomweyo pali DSL, intaneti yothamanga yodzera pa waya wa telefoni, modemu iyenera kudzera mu filter monga telefoni ina iliyonse.

Laini zina sizigwirizana ndi modemu m'pang'ono pomwe. Telefoni yodzera pa intaneti, ya VoIP, imapanikiza mawu ndi kuwadula m'timagawo, ndiye modemu imalumikizika pa liwiro lotsika kapena kulephereratu. Soketi za matelefoni a digito a m'maofesi ndi m'mahotela zimaoneka ngati wamba, koma zina zimatha kuwotcha modemu. Funsani kaye musanalumikize.

Zatsopano zikusowa. Ndikamagula yogwiritsidwapo kale ntchito ndione chiyani?

Musanagule chilichonse, tsimikizani kuti nambala yoyimba ikadalipo. Makampani akusiya ntchitoyi mmodzimmodzi, ndipo ngakhale AOL, kampani yodziwika ya ku America, inatseka intaneti yake yoyimba (dial-up) pa 30 September 2025.

Pa modemu yeniyeniyo, onani kuti yalembedwa V.90 kapena V.92. Yolembedwa X2 kapena K56flex yokha ikhoza kutsikira ku 33.6 ngati firmware yake, pulogalamu ya m'kati mwa modemuyo, sinakwezedwe. US Robotics Sportster ndi Courier ndi zina mwa zodziwika bwino za serial, ndipo zina mwa izo zili ndi timaswitch tating'ono kumbuyo kapena pansi timene mwini wakale angakhale atasintha, choncho funani buku lake mutibwezere m'malo. Ngati mukufuna fakisi, ikhale yolembedwa Fax Class 1 kapena Class 2.

Chofunika koposa ndi adaputala yake ya magetsi. Mamodemu ambiri akunja amafuna magetsi a AC a mavoti ochepa, osati DC, ndipo pulagi yake imafanana ndi ya zipangizo zina. Werengani zolembedwa pansi pa modemu, mavoti ndi mtundu wa magetsi zifanane ndendende, ndipo adaputalayo ikhale yoyenera magetsi a pakhoma kwanuko. Ngati n'kotheka muuze wogulitsa aiyatse inu mukuona, ailumikize ku kompyuta, mulembe AT ndi ATI3, kenako muiike pa laini mumve ngati ikunyamula. Modemu yowombedwa ndi mphenzi nthawi zambiri imayankha OK bwinobwino, koma kulira kwa laini sikukumva.